BP ya mtundu wa H: dokotala wina akuti homocysteine, wina akuti makhololo

Bambo a Tadala:
Moni nonse a pagulu. Funso langa likupita kwa inu odziwa zachipatala, makamaka amene mukuphunzira kuno ku China. Kuntchito kwathu ku Guangzhou anatitumiza kukayezetsa thupi lonse, ndiye BP yanga anaipeza ili 158/98. Pa pepala la magazi pali chinthu china chotchedwa homocysteine, chili pa 19, ndipo pambali pake aikapo kamuvi koloza m'mwamba. Dokotala akuti ndili ndi BP ya mtundu wa H, wandilembera piritsi la enalapril losakaniza ndi folic acid. Kenako mnzanga wa Chitchaina amene timatumiza naye katundu ananditengera kwa dokotala wa mankhwala a makolo awo, m'chipatala chomwecho koma nsanjika ina. Ameneyu anandigwira pamkono ndi zala zitatu, kumanja kenako kumanzere, n'kundiuza kuti nditulutse lilime. Anandifunsa ngati mutu umalemera m'mawa komanso ngati tulo timandigwira ndikangomaliza kudya. Pomaliza akuti vuto langa ndi makhololo ndi chinyezi m'thupi. Koma ine sindikutsokomola ayi. Kodi anthu awiriwa akunena matenda amodzi kapena awiri? Nditsatire uti?

Mai Nasibeko:
Pepani kwambiri bambo a Tadala. Ine BP ndakhala nayo zaka zambiri koma ya mtundu wa H ndikuimva lero. Kuno akakumanga lamba pamkono amangoti yakwera kapena ili bwino, basi.

Mavuto:
Madala, ena asanayankhe, piritsi la dokotala woyambayo mwayamba kumwa? Ngati simunayambe, yambani. BP ya 158/98 siingadikire kuti tigwirizane kaye pano pagulu. Ine ndine kilinikala ofesa ndipo pachipatala chathu homocysteine sitiyeza, ndiye mbali imeneyo atithandize achemwali a Chikondi.

Bambo a Tadala:
Ndayamba achimwene, ndikumwa m'mawa uliwonse. Amene ndangowasunga ndi a dokotala wachiwiriyo, timapaketi ta ufa tosungunula m'madzi otentha.

Chikondi wa ku Nanjing:
Malume, moni. Ndiyambe ndi dokotala woyambayo. Homocysteine thupi limapanga lokha likamagwiritsa ntchito methionine, yomwe timaipeza mu nyama, nsomba, mazira ndi nyemba. Siyenera kukhalitsa m'magazi. Thupi limaibweza kuti ikhalenso methionine mothandizidwa ndi folate (vitamini amene mu piritsi amakhala ngati folic acid) ndi vitamini B12, kapena limaisandutsa cysteine mothandizidwa ndi vitamini B6. Mavitamini amenewa akapelewera, kapena impso zikafooka, imachuluka. Fodya ndi mowa zimaikwezanso. Amene anayamba kuiganizira kuti imawononga mitsempha ndi Kilmer McCully wa ku America mu 1969, ataona mitsempha yowonongeka kwambiri mwa ana amene anabadwa ndi vuto lochulukitsa homocysteine.

Dzina lakuti mtundu wa H linayambira kuno ku China cha mu 2008. Munthu wa BP amene homocysteine yake yafika ma micromole 10 pa lita imodzi ya magazi, kapena kupitirira apo, amamuika m'gulu limeneli. Madokotala akuno amati mwa anthu anayi a BP, pafupifupi atatu ali momwemo. Chimene amaiikira mtima chonchi n'chakuti kuno sitiroko imagwira anthu ambiri kuposa matenda otseka mitsempha ya mtima, boma silikakamiza kuthira folic acid mu ufa, komanso pafupifupi munthu mmodzi mwa anayi amabadwa ndi jini ya MTHFR ya mtundu wa 677TT, imene imachititsa kuti thupi lizivutika kugwiritsa ntchito folate.

Anaphiri:
Ine ndimagwira pa wodi ya anthu a sitiroko kuno ku Manchester, ndipo mawu akuti mtundu wa H sindinamvepo dokotala akuwanena. Homocysteine amaiyeza mwa apo ndi apo, makamaka wodwala akakhala wachinyamata kapena akamakayikira kuti B12 yachepa. Malabu ambiri amati yakwera ikadutsa 15, osati 10. Komanso nkhaniyi inayesedwapo kale. Kunali kafukufuku wa VISP mu 2004, kenako NORVIT ku Norway ndi HOPE-2 mu 2006. Anthu masauzande anapatsidwa mavitamini a B, homocysteine inatsikadi, koma matenda a mtima ndi imfa sizinatsike. Kuchokera pamenepo madokotala akuno anasiya kuithamangira.

Chikondi wa ku Nanjing:
N'zoona amayi, koma tiyang'anenso kuti anayesa pa anthu otani. Onsewo anali odwala kale mtima kapena mitsempha kapena shuga, ali kale pa mankhwala ambiri. Ochuluka a mu VISP ndi HOPE-2 anali a ku America ndi Canada, komwe ufa anayamba kuuthira folic acid mu 1998. Munthu amene folate ali nayo kale yokwanira, kumuwonjezera ina sikungasinthe zambiri. Ngakhale zinali choncho, mu HOPE-2 momwemo sitiroko yokha inatsika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi.

Ndiye a kuno anachita kafukufuku wawo wotchedwa CSPPT, motsogozedwa ndi Huo Yong wa ku Peking University First Hospital. Anatenga anthu 20,702 a BP amene anali asanadwalepo sitiroko, ochokera m'madera 32 a m'zigawo za Jiangsu ndi Anhui. Theka ankamwa enalapril 10 mg yekha, theka linalo enalapril yemweyo pamodzi ndi folic acid 0.8 mg. Anawatsatira zaka pafupifupi zinayi ndi theka, ndipo zotsatira zinatuluka mu magazini ya zachipatala ya JAMA mu 2015. Pa gulu la enalapril yekha, anthu 355 anadwala sitiroko. Pa gulu la folic acid anali 282. Piritsi limene malume akumwalo ndi lomwelo limene linayesedwa pamenepo.

Anaphiri:
Kafukufuku ameneyo ndikumudziwa ndipo ndimamulemekeza, ndi wamkulu komanso anachitidwa mwadongosolo. Koma bambo a Tadala amve manambalawo bwinobwino. Ndi anthu 3.4 pa 100 aliwonse mbali iyi, 2.7 mbali inayo. Nkhani zambiri zimangolemba kuti sitiroko inatsika ndi 21 peresenti, zomwe n'zoona, koma tanthauzo lake n'lakuti anthu pafupifupi 140 ayenera kumwa folic acid zaka zonsezo kuti mmodzi apulumuke ku sitiroko. Phindu lilipo, ndipo piritsilo ndi lotchipa, koma ntchito yaikulu ikugwiridwa ndi kutsitsa BP. Tisaiwalenso kuti kampani yopanga piritsilo inali m'gulu la amene anapereka ndalama za kafukufukuyo. Sindikunena kuti ananama. Ndikunena kuti malire akatsitsidwa kuchoka pa 15 kufika pa 10, anthu oyenera kugula piritsilo amachuluka kwambiri, ndipo wowerenga ayenera kudziwa zimenezo.

Limbani wa ku Joni:
Kuno ku South Africa ufa wa chimanga ndi wa tirigu wa m'masitolo anayamba kuuthira mavitamini mwalamulo mu 2003, folic acid ali momwemo. Ndiye kuti ife odya papa tsiku ndi tsiku tili ngati a ku America aja?

Mavuto:
Pa nkhani ya folate, mwina muli pafupi nawo achimwene. Koma kumudzi kwathu amene amakagayitsa okha kuchigayo palibe chimene chimathiridwa mu ufa wawo. Folate yawo imachokera ku ndiwo.

Bambo a Tadala:
Zikomo nonse, za dokotala woyambayo ndamva. Nanga makhololo aja? Chifukwa zimene anandifunsa zija n'zoona. Mutu umalemeradi m'mawa, ndipo ndikadya masana ndimafuna kugona.

Chikondi wa ku Nanjing:
Kusukulu kwathu, ngakhale tikuphunzira udokotala wamakono, timachitanso phunziro la mankhwala a makolo a Chitchaina ndipo timakakhala nawo m'zipinda zawo zoonera odwala. Ndikuuzani mmene iwo amaganizira, kenako mmene ine ndikuonera.

Choyamba, m'mabuku awo akale mulibe matenda otchedwa BP, chifukwa lamba woyezera uja anabwera mu 1896 kuchokera kwa Riva-Rocci wa ku Italy. Iwo ankalemba za chizungulire, chimene amachitcha xuanyun, ndi za mutu kupweteka. Buku lawo lakale kwambiri, Huangdi Neijing, limati kunjenjemera ndi chizungulire zimachokera ku chiwindi. M'zaka za m'ma 1300, Zhu Danxi anaphunzitsa kuti popanda makhololo palibe chizungulire. Patapita zaka pafupifupi 300, Zhang Jingyue anati ayi, gwero lake ndi kupelewera kwa mphamvu m'thupi. Ndiye mukuona kuti mkanganowu ndi wakale ngakhale pakati pawo.

BP itayamba kuyezedwa, anatenga maganizo amenewa n'kuwagawa m'mitundu. Malangizo a boma la China a mu 2002 okhudza kafukufuku wa mankhwala azitsamba atsopano anatchula mitundu inayi, ndipo ofufuza ambiri amatsatirabe imeneyo.

Wina ndi gan huo kang sheng, kutanthauza kuti moto wa chiwindi wayaka mopitirira. Munthu wake nkhope ndi maso zimafiira, mutu umamuwawa kwambiri, sachedwa kupsa mtima, m'kamwa mumawawa, amadzimbidwa, ndipo lilime ndi lofiira lokhala ndi zomata zachikasu pamwamba. Wina ndi yin xu yang kang. Apa amati mbali yoziziritsa ndi yonyowetsa thupi, imene amaitcha yin, yachepa, ndiye yotenthayo, yang, ikukwera popanda choigwira. Makutu amalira, msana ndi mawondo zimafooka, zikhatho ndi mapazi zimatentha usiku, tulo timasowa, lilime ndi lofiira lopanda zomata. Palinso yin yang liang xu, pamene zonse ziwiri zachepa. Umenewu amaupeza kwambiri mwa okalamba amene amazizidwa msanga ndipo amadzuka pafupipafupi usiku kukataya madzi.

Wanuwo malume ndi tan shi yong sheng. Mmene iwo amaufotokozera, mutu umalemera ngati waukulunga ndi nsalu yonyowa, pachifuwa pamathina, mseru umabwerabwera, thupi limalemera, masana tulo. Lilime limakhala lalikulu mpaka mano amasiya mapanda m'mphepete mwake, ndipo pamwamba pake pamakhala zomata zoyera zochindikala. Kugunda kwa mtsempha pamkono amati n'koterera. Makhololo amene akunenawo si a m'chifuwa okha. Amati alipo ooneka ndi osaoneka, ndipo osaonekawo ndi madzi ndi chakudya chimene thupi lalephera kuyendetsa chifukwa kapamba wafooka ndi zakudya zamafuta, zotsekemera, mowa ndi kukhala pansi nthawi yaitali. Musadandaule kuti kapamba kapena chiwindi chanu chenicheni chawonongeka. Kwa iwo mayina amenewa amaimira magulu a ntchito za thupi, osati chiwalo chimene timachiona pa sikani.

Mai Nasibeko:
Mwana wanga, mtundu wachiwiri uja ndine ndendende. Mapazi amatentha usiku mpaka ndimawatulutsa m'bulangete, makutu kulira, tulo kulibe. Anthu amenewa akudziwa zinthu.

Mavuto:
Amayi, mapazi otentha usikuwo akandiuza wodwala, ine ndimayamba ndayeza shuga ndi kuganizira za B12, chifukwa zonse ziwiri zimawononga minyewa ya kumapazi. Mukapitanso ku kiliniki muwauze zimenezo, musangoyezetsa BP n'kubwerako.

Ndipo apa ndi pamene mitundu imeneyi imandidetsa nkhawa. Yonse inayi imadalira kuti munthu akumva chinachake m'thupi. Koma BP nthawi zambiri siuza mwini wake. Kafukufuku wa STEPS wa mu 2009 anapeza kuti kuno ku Malawi pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu a zaka 25 mpaka 64 anali ndi BP yokwera, ndipo ochuluka kwambiri sankadziwa. Amene timawalandira atafa ziwalo mbali imodzi, pakamwa patakhota, achibale amati dzulo lomweli anali kumunda bwinobwino. Analibe chizungulire, analibe mutu. Munthu wotere lilime lake lingamuike mu mtundu uti? Chinanso, munthu akamwa mankhwala mutu n'kupepuka, amaganiza kuti BP yatsika, pamene lamba akuti ikadali 160.

Yohane:
Koma achimwene a Mavuto tisawapeputse Matchaina. LA amene mumatipatsa tikadwala malungo anachokera kuti? Si ku zitsamba zawo zomwezi? Komanso ndinawerenga kuti WHO inavomereza mankhwala awowa.

Mavuto:
Sindikuwapeputsa achimwene. LA takhala tikumugwiritsa ntchito kuno kuyambira 2007 ndipo wapulumutsa ana ambiri. Artemisinin, amene ndi gwero la mankhwala a mu LA, anachokeradi ku chitsamba chotchedwa qinghao, ndipo Tu Youyou analandira mphoto ya Nobel mu 2015 chifukwa cha ntchito imeneyo. Koma taonani njira imene anadutsa. Iye anawerenga buku lakale la Ge Hong, kenako anapita mu labu, anapatula chinthu chimodzi chimene chimapha tizilombo, anachiyesa pa nyama ndi pa anthu, mpaka mlingo wake unadziwika. Ndipo LA timapereka kwa aliyense amene magazi ake asonyeza malungo, sitiyang'ana lilime. Ine ndikufuna kuti mankhwala a BP azitsambawo adutsenso njira yomweyo.

Anaphiri:
Pa za WHO, chimene chinachitika n'chakuti mu 2019 anavomereza ndandanda yatsopano ya mayina a matenda, ICD-11, ndipo anaikamo chaputala 26 cha mayina amene amagwiritsidwa ntchito m'mankhwala a makolo a ku China, Japan ndi Korea. Cholinga chake ndi choti zipatala zizitha kulemba ndi kuwerengera. WHO yomweyo inanena kuti chaputalacho sichikutsimikizira kuti mankhwalawo amachiza.

Thoko:
Ndikupempha tibwerere ku funso la bambo a Tadala. A Chikondi, kodi pali kugwirizana kulikonse pakati pa homocysteine ndi makhololo amenewa, kapena madokotala awiriwa aliyense akungoyankhula zake?

Chikondi wa ku Nanjing:
Limenelo ndi funso limene magazini a mankhwala a makolo kuno amalikonda kwambiri. Kafukufuku wake amakhala motere: amatenga odwala BP a pachipatala chimodzi, amawagawa m'mitundu ija, kenako amayeza homocysteine. Ambiri mwa iwo amapeza kuti mtundu wa makhololo ndi chinyezi ndi umene umachuluka mwa anthu a mtundu wa H. Ena amawonjezera mtundu wachisanu, tan yu hu jie, pamene amati makhololo alumikizana ndi magazi osayenda, ndipo lilime limakhala lakuda mofiirira kapena la madonthomadontho. Olembawo amamaliza ndi kunena kuti homocysteine ndiyo makhololo osaoneka aja.

Ine pamenepo sindigwirizana nawo. Taganizirani munthu amene dokotala wa zitsamba angamuike mu mtundu umenewu. Kawirikawiri ndi bambo wa mimba yaikulu, wokonda nyama yamafuta ndi mowa, mwina wosuta, wosadya masamba kwenikweni, wokhala pampando tsiku lonse. Munthu yemweyo ndi amene labu imamupeza ndi homocysteine yokwera, chifukwa amuna imakhala yokwererapo kuposa akazi, ndipo fodya, mowa ndi kuchepa kwa masamba zimaikweza. Ndiye madokotala awiriwa akuona munthu mmodzi ndi makhalidwe ake omwewo, wina kudzera m'magazi, wina kudzera m'maonekedwe. Izi sizikusonyeza kuti chimodzi n'chimene chikuyambitsa chinzake. Chachiwiri, kugawa mitunduyi kumadalira maso ndi zala za dokotala. Ndaonapo aphunzitsi awiri akuona wodwala mmodzi m'mawa umodzi, wina n'kunena makhololo, wina yin yachepa. Makina a labu sachita zimenezo. Chachitatu, zotsatira sizifanana. Kafukufuku wina amapeza homocysteine yokwera kwambiri mwa a yin yang liang xu, omwe ndi okalamba, ndipo tikudziwa kale kuti ukalamba ndi kufooka kwa impso zimaikweza.

Komabe pali chimene ndimachilemekeza. Dokotala wa zitsamba uja anakhala nanu pansi malume, anakufunsani za tulo, chakudya ndi mmene mumadzukira. Mafunso amenewo ndi ofunika ngakhale kwa ife. Munthu wonenepa wa BP amene amadzuka mutu ukulemera ndipo masana amasinza, ine ndingamufunse ngati amaliza mkonono kwambiri komanso ngati amabanika kutulo. Vuto lobanika kutulo limakweza BP ndipo limayezedwa m'zipatala zikuluzikulu za ku Guangzhou komweko.

Bambo a Tadala:
Mkonono ndiye amake Tadala amadandaula kwambiri, amati nthawi zina ndimakhala chete ngati ndasiya kupuma kenako n'kudzidzimuka. Mimba nayonso ilipo, ndipo chakudya changa chambiri ndi cha m'malesitilanti, mpunga wokazinga ndi nkhumba. Ndajambula pepala la mankhwala aja pa foni n'kulimasulira. Likuti fa banxia, baizhu, tianma, fuling, chenpi, gancao 6 g, ginja ndi zipatso zina zouma.

Chikondi wa ku Nanjing:
Zimene amake Tadala aonazo mukamuuze dokotala ndendende mmene mwatiuzira pano, ndipo mupemphe kuyezedwa kupuma kwa kutulo.

Mankhwalawo ndi Banxia Baizhu Tianma Tang. Msakanizo umenewu uli m'buku la Cheng Guopeng la mu 1732 ndipo ndi umene amapereka kwa a mtundu wa makhololo. Akanakuikani ku yang yokwera akanakupatsani Tianma Gouteng Yin, umene anthu ambiri amauyesa wakale kwambiri pamene unalembedwa m'ma 1950. Banxia waiwisi ndi poizoni, amatupitsa m'kamwa ndi kukhosi. Mawu akuti fa kutsogoloko akusonyeza kuti wanuyo ndi wokonzedwa kale, ndiye musayerekeze kukagula waiwisi pamsika.

Amene ndikufuna mumuyang'anitsitse ndi gancao. Ndi muzu wotsekemera uja azungu amautcha licorice, ndipo umapezeka m'misakanizo yambiri ya Chitchaina. Muli glycyrrhizin, amene amachititsa impso kusunga mchere ndi madzi n'kutaya potassium. Munthu akamaumwa tsiku ndi tsiku kwa nthawi yaitali BP imatha kukwera, ndipo anthu ena amakhudzidwa msanga kuposa anzawo.

Anaphiri:
Ndiwonjezere za impso, chifukwa nkhani imeneyi imandikhudza mtima. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 ku Brussels, amayi oposa 100 amene ankamwa mankhwala ochepetsa thupi anawonongeka impso, ambiri mpaka kufika pa makina osefa magazi, ena anadwala khansa ya njira ya mkodzo. Chitsamba china chinasinthanitsidwa ndi chinzake chokhala ndi aristolochic acid. Ku China komweko, mapiritsi a Longdan Xiegan Wan, amene amaperekedwa kwa a moto wa chiwindi aja, ankapangidwa ndi chitsamba cha guan mu tong chokhala ndi poizoni yemweyo, mpaka boma linachiletsa mu 2003. Impso zikawonongeka, BP imakwera ndipo homocysteine imakweranso. Palinso ma huang amene amakweza BP, ku America anamuletsa m'mankhwala ochepetsa thupi mu 2004. Danshen, amene amaperekedwa pa magazi osayenda aja, amawonjezera mphamvu ya warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, moti munthu akhoza kutaya magazi. Pa pepala lanulo zimenezi palibe, ndipo mwachita bwino kuti anakulemberani chipatala osati munthu wa m'njira. Koma amene mumagula timabotolo tolembedwa Chitchaina m'mashopu popanda kudziwa zili m'katimo, chonde samalani.

Yohane:
Ndiye mukuti bambo a Tadala ataye mankhwalawo?

Chikondi wa ku Nanjing:
Ine sindinganene kuti ataye, chisankho ndi chawo. Chimene ndikudziwa n'chakuti msakanizo umenewu sunayesedwepo pa anthu masauzande kwa zaka zambiri n'kusonyeza kuti umachepetsa sitiroko, ngati mmene zinachitikira ndi mankhwala otsitsa BP. Kafukufuku amene alipo ndi waung'ono, wa masabata ochepa, ndipo kawirikawiri zitsambazo amaziwonjezera pamwamba pa mapiritsi, osati m'malo mwake. Madokotala a zitsamba a m'zipatala za boma kuno nawonso sauza wodwala kuti asiye mapiritsi a BP.

Ndikanakhala inu malume, ndikanayamba ndi piritsi lokha kwa masabata angapo, kuti pakachitika chachilendo mudziwe chachititsa. Enalapril amafuna kuti muyezetse creatinine (yoonera impso) ndi potassium m'magazi sabata imodzi kapena ziwiri mutayamba. Mukaganiza zomwa timapaketito, muonetse pepalalo kwa dokotala woyamba uja, ndipo mufunse wa zitsambayo ngati angachotse gancao. Gulani makina oyezera BP a pamkono wa kumtunda, muziyeza m'mawa ndi madzulo mutakhala pansi mphindi zisanu, n'kumalemba m'kabuku.

Mavuto:
Ndiikepo china chimene madokotala a ku China sangachiganizire msanga chifukwa odwala awo ambiri si anthu akuda. Enalapril payekha satsitsa BP mwamphamvu mwa ife ngati mmene amachitira mwa anthu ena. Kafukufuku wa CREOLE, amene anatuluka mu 2019 ndipo anachitikira m'mayiko 6 a mu Africa kuphatikizapo Mozambique ndi South Africa, anapeza kuti misakanizo ya mapiritsi a BP yokhala ndi amlodipine inatsitsa BP bwino kuposa wa perindopril ndi HCTZ. Perindopril ndi wa banja limodzi ndi enalapril. Ndiye madala, pakatha mwezi kabuku kanu kakusonyezabe manambala opitirira 140/90, musangoti bola ndikumwa folic acid. Funsani za amlodipine. Mukayamba kachifuwa kouma kosatha, n'kutheka kuti ndi enalapril, kanenedwe. Milomo, lilime kapena nkhope zikatupa, siyani piritsilo n'kuthamangira kuchipatala nthawi yomweyo, chifukwa vuto limeneli limagwira anthu akuda kwambiri kuposa ena.

Komanso jini ya 677TT ija mwa anthu a kum'mwera kwa Sahara siipezeka kawirikawiri. Ndiye 19 wanuyo ndingakonde afufuze chimene chamukweza. Ayeze B12, folate ndi impso.

Limbani wa ku Joni:
Bwanji osangomwa folic acid tonse a BP? Ku famase amagulitsa popanda pepala la dokotala.

Anaphiri:
Chifukwa cha B12 yomweyo achimwene. Munthu amene B12 yamuchepera akamamwa folic acid wambiri, magazi amaoneka ngati abwerera mwakale pamene minyewa ikupitiriza kuwonongeka mwakachetechete, mapazi kuchita dzanzi, kuiwalaiwala, kuyenda modzandira. Amene ali pa metformin, mankhwala a shuga, kwa zaka zambiri, okalamba ndi amene sadya za nyama ndi omwe B12 imawachepera kwambiri. B12 mu masamba mulibe. Ili mu usipa, matemba, mazira, chiwindi, nyama ndi mkaka. Folate ndiye tili nayo pakhomo: bonongwe, nkhwani, khwanya, mpiru, therere lobala, nyemba, khobwe, nandolo, mtedza, mapeyala. Kungoti imathawira m'madzi ophikira ndipo imawonongeka ndiwo zikakhalitsa pamoto, ndiye madzi azikhala ochepa ndipo msuzi usatayidwe. Bambo a Tadala muli ku Guangzhou komwe ndiwo zamasamba za choy sum ndi gai lan zili pa lesitilanti iliyonse. Itanitsani mbale ya masamba pa chakudya chilichonse, muwauze achepetse mchere ndi soya sosi. WHO imati mchere usapitirire magalamu 5 patsiku, pafupifupi kasipuni kamodzi ka tiyi, kuwerengera ndi wa mu sosi momwe.

Mai Nasibeko:
Ndamva ana anga. Mpongozi wanga ndi woyembekezera ndipo ku sikelo amamupatsa mapiritsi a magazi, akuti muli folic acid yemweyo. Nayenso BP inakwerapo pa mimba yoyamba. Kodi piritsi la bambo a Tadala losakanizalo silingamuthandize zonse ziwiri? Nanga ine ndingamamwe nawo akewo?

Mavuto:
Ayi amayi, limenelo asalikhudze n'komwe. Enalapril ndi mankhwala onse a banja lake amawononga impso za mwana ali m'mimba. Woyembekezera wa BP ali ndi mankhwala ake monga methyldopa, nifedipine kapena labetalol, ndipo amene angamusankhire ndi a ku sikelo komweko. Poti inakwerapo pa mimba yoyamba, awauze anamwino msanga kuti azimuyeza BP ndi mkodzo ulendo uliwonse. Mutu ukamuwawa kwambiri, maso akamaona zinthu mwachimbuuzi, kapena nkhope ndi manja zikatupa, asadikire tsiku la sikelo. Mapiritsi a magaziwo amwe mmene amuuzira ndipo asawonjezere folic acid wa 5 mg wogula yekha, chifukwa mlingo waukulu chotero umafooketsa Fansidar amene amamwa poteteza malungo. Zitsamba za Chitchaina kapena zathu zomwe asamwe asanafunse.

Inuyo amayi akewo musiyireni. Muli ayironi amene simukudziwa ngati thupi lanu likumufuna, ndipo iyeyo akufunika mapiritsi ake onse mpaka adzachire. Inu kayezetseni shuga ndi magazi kaye chifukwa cha mapazi aja, ndipo mutenge mapiritsi anu onse a BP m'kapepala kawo kuti akaone amene mukumwa.